Kuwerengera phindu la nyumba yoyamba ya lendi

Ambiri mwa ife amene tikugwira ntchito ku Johannesburg, Harare kapena Manchester timaganiza zogula kapena kumanga nyumba ya lendi kwathu, kaya ku Area 25, Machinjiri kapena Luwinga. Tikamva kuti nyumba ikutuluka K400,000 pamwezi, timaona ngati ndalama yonseyo ndi yathu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: lendi si phindu. Phindu ndi chimene chatsala tikalipira zonse zimene nyumbayo imadya. Tisanatumize ndalama, pali masamu anayi oyenera kuwachita. Manambala a nyumba amene tagwiritsa ntchito pano ndi achitsanzo chabe, ndipo aliyense aikepo ake.

Mpamba wonse

Mpamba si mtengo wogulira wokha. Tiphatikizepo ndalama za loya, msonkho wosinthira umwini, ndalama za ejenti, kufufuza ku unduna wa za malo ngati title deed ili m'dzina la wogulitsayo, ndiponso kukonza koyamba monga penti, malata, mpanda ndi kulumikiza madzi ndi magetsi a ESCOM. M'chitsanzo chathu, zonsezi zakwana K60 miliyoni.

Samu yoyamba: phindu lapamwamba

Tichulukitse lendi ya pamwezi ndi 12, tigawe ndi mpamba wonse, kenako tichulukitse ndi 100. Lendi ya K400,000 pamwezi ikutipatsa K4.8 miliyoni pachaka, yomwe ndi 8 peresenti ya K60 miliyoni. Nambala imeneyi ndi imene ogulitsa amakonda kutchula. Imathandiza poyerekeza nyumba ziwiri mwachangu, koma siuza munthu chimene chidzalowe m'thumba.

Samu yachiwiri: phindu lenileni

Apa tichotse zonse zimene zimatuluka pachaka. Nyumba siikhala ndi munthu nthawi zonse, ndipo ena amasamuka ali ndi ngongole, choncho tiwerengere miyezi 10 yokha: K4 miliyoni. Ejenti kapena m'bale wotiyang'anira atenge 10 peresenti, K400,000. Kukonza mipope, denga, maloko ndi kupopa chimbudzi kudye K600,000. Msonkho wa ku khonsolo ya mzinda, lendi ya malo ngati malowo ndi obwereka ku boma, ndi inshulansi zikhale K300,000. Zatsala K2.7 miliyoni, kapena kuti 4.5 peresenti. Pamenepa sitinalipire msonkho wa MRA, pakuti lendi ndi ndalama yodulidwa msonkho. Amene amawerengedwa kuti ndi okhazikika ku South Africa kapena ku Britain afunsenso malamulo a SARS kapena HMRC, chifukwa mabungwe amenewa amafuna kudziwa za ndalama zimene munthu amapeza kunja.

Samu yachitatu: zolowa ndi zotuluka pamwezi

Ngati tatenga ngongole, funso ndi lakuti kodi nyumba ikudzilipira yokha kapena ikudya malipiro athu. Tinene kuti pa K60 miliyoni ija, K40 miliyoni ndi yathu ndipo K20 miliyoni tabwereka kubanki pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti. Chiwongoladzanja chokha m'chaka choyamba chili pafupifupi K5 miliyoni, pamene nyumba ikubweretsa K2.7 miliyoni. Tikupereka K2.3 miliyoni kuchokera m'thumba, pafupifupi K190,000 mwezi uliwonse, tisanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Chiwongoladzanja chotere si chachilendo ku Malawi: mu February 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki ena zimatsata komweko.

Lamulo lake ndi losavuta. Chiwongoladzanja chikaposa phindu lenileni la nyumba, kwacha iliyonse yobwereka imatichotsera ndalama. N'chifukwa chake kumanga pang'onopang'ono ndi ndalama zosunga nthawi zambiri kumaposa kuthamangira ngongole ya m'makwacha.

Samu yachinayi: ndalama imene timalandira kuntchito

Ife timatumiza marandi, mapaundi kapena madola, koma lendi imabwera m'makwacha. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Lendi ya K400,000 imene inali madola pafupifupi 339 inasanduka madola 235 tsiku limodzi, wokhala m'nyumba akulipirabe mokhulupirika. Simenti, penti ndi mapaipi zimakwera nthawi yomweyo, koma lendi sitingaikweze pakati pa mgwirizano, ndipo malipiro a wokhalamo sakwera msanga. Ngati lendiyo ndi yothandizira makolo kapena kulipira fizi kwathu komweko, vutoli limachepako. Ngati tikuyembekeza kuti izibweza ngongole imene tinatenga kunja, tiiwerengere m'ndalama ya ngongoleyo.

Nanga kukwera mtengo kwa nyumba?

N'zoona kuti nyumba ya pamalo abwino imasunga chuma kuposa makwacha ogona kubanki pamene zinthu zikukwera mitengo. Koma phindu limeneli timaligwira pokhapokha tikagulitsa, ndipo silingalipire pulambala mwezi uno. Tiliwerengere padera, ndipo tiyerekeze mtengo wogulira ndi wogulitsira m'ndalama imene tinatumiza.

Tisanalipire

Tifunse lendi imene nyumba zofanana nayo mumsewu womwewo zikulipiridwa panopa, osati imene wogulitsa akulonjeza. Tisunge padera ndalama yokwana lendi ya miyezi yosachepera 3. Pakhale mgwirizano wolembedwa wonena za dipoziti, tsiku lolipira, mabilu a madzi ndi nthawi younikanso lendi, ndipo ndalama izilowa mu akaunti ya kubanki kuti tizitha kuiona tili kutali. Ngati tikudziwa kale kuti mudzakhala m'bale wosalipira, tilembe ziro pamzere wa lendi. Kuthandiza m'bale n'kwabwino, koma kumeneko si bizinesi.

Pomaliza, tibwereze masamu onse titatsitsa lendi ndi 10 peresenti ndi kuwonjezera mwezi wina wopanda munthu. Nyumba ikadzilipirabe yokha pamenepo, ndiyoyenera kuiganizira. Ikalephera, tipemphe kuti mtengo utsike, kapena tidikire mpaka titasunga zokwanira.