MBIRI YA MNG'OMA WA MATABWA

Kuyambira kalekale anthu akhala akuweta njuchi pofuna uchi ndi phula. Aigupto akale ankaziweta m'miphika yaitali yadothi, ku Ulaya ankazisunga m'madengu a udzu ovundikira pansi, pomwe m'madera ambiri a mu Africa ankazipachikira ming'oma ya makungwa kapena ya mitengo yogoba. Ming'oma yonseyi idali ndi chilema chimodzi: njuchi zinkamatirira zisa zake ku denga ndi ku makoma, kotero kuti mwini mng'oma sankatha kuona zam'kati popanda kuphwasula. Ikafika nyengo yofula, ambiri ankadula zisa zonse, za uchi ndi za ana omwe. Ku Ulaya alimi ambiri ankayamba apha njuchizo ndi utsi wa sulufule. Motero munthu ankadya uchi chaka chino n'kutsala wopanda njuchi chaka chamawa.

Anthu oganiza adayesayesa kuthetsa vutoli. Mmodzi mwa iwo adali François Huber wa ku Switzerland, yemwe adali wakhungu ndipo ankaonera njuchi m'maso mwa wantchito wake, François Burnens. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Huber adakonza mng'oma wa mafelemu amatabwa otseguka ngati masamba a buku. Unkathandiza pophunzira khalidwe la njuchi, koma kwa mlimi wamba udali wovuta kugwiritsa ntchito. Enanso adapanga mabokosi amitundumitundu, koma njuchi zinkangomata zonse ndi phula ndiponso utomoni umene zimatenga ku mitengo, mpaka mafelemu osachokanso.

Amene adamasula mfundoyi adali mbusa wa mpingo, Lorenzo Langstroth, amene adabadwira mumzinda wa Philadelphia ku America m'chaka cha 1810. Adaphunzira pa sukulu yaukachenjede ya Yale, natumikira mpingo ku Andover m'chigawo cha Massachusetts. Iyeyu ankadwaladwala nthenda ya kuvutika maganizo imene inkamufooketsa kwa miyezi yambiri, mwakuti nthawi zina ankasiya ntchito ya ubusa. Pakati pa mavutowo adapeza chitonthozo poweta njuchi, ndipo adawerenga mwachidwi zolemba za Huber.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Langstroth adakhala zaka zambiri akuyang'anitsitsa zochita za njuchi, ndipo adazindikira chinthu chaching'ono koma chofunika kwambiri. Njuchi zikapeza mpata wopapatiza moti sizingadutsepo, zimautseka ndi utomoni. Zikapeza mpata waukulu, zimamangapo chisa. Koma mpata wapakatikati, wa mamilimita 6 mpaka 9, zimausiya wotseguka chifukwa ndiwo njira yawo yoyendamo. M'chaka cha 1851 adaona kuti ngati mpata woterewu utasiyidwa mbali zonse za felemu, pamwamba, pansi ndi m'mbali, felemuyo ingathe kutulutsidwa ndi kubwezedwa popanda kuswa kanthu.

Nzeru imeneyi idafunika manja a mmisiri kuti isanduke chinthu chooneka. Kalipentala wina wa ku Philadelphia, Henry Bourquin, amenenso ankakonda njuchi, ndiye adakhoma ming'oma yoyamba motsatira miyeso ya Langstroth. Ntchitoyi sidali yofuna zida zodabwitsa ayi. Sowo, pulena, nyundo, misomali ndi chopimira zidali zokwanira. Chovuta chidali kulondola. Thabwa linkayenera kukhala louma bwino kuti lisapindike pambuyo pake, ngodya zonse zikhale zoongoka, ndipo kashelefu kopachikapo mafelemu kadulidwe pa muyeso wake weniweni. Mmisiri akaphonya ndi mamilimita ochepa chabe, njuchi zinkakonza cholakwacho mwa njira yawo, ndipo bokosilo linkasanduka mng'oma wakale womatika. Apa mpamene ukalipentala wa ming'oma umasiyanirana ndi wa mipando kapena matebulo: muyeso wake sachita kuusankha munthu, koma umachokera pa kukula kwa thupi la njuchi.

Pa 5 Okutobala 1852 boma la America lidapatsa Langstroth chikalata chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lake, ndipo m'chaka cha 1853 adasindikiza buku lofotokoza za mng'omawo ndi kawetedwe ka njuchi. Kuyambira pamenepo mlimi adatha kutsegula mng'oma, kuona ngati mfumukazi ikuikira mazira, kuzindikira matenda msanga, ndi kutenga zisa za uchi wokhwima n'kusiya za ana. Zida zina zidatsatira. M'chaka cha 1857 Johannes Mehring wa ku Germany adayamba kupanga timapepala taphula toyambira chisa, ndipo mu 1865 Franz Hruschka adaonetsa makina ozunguza mafelemu kuti uchi utuluke chisa chili chathunthu. Ichi chidali chinthu chachikulu, pakuti njuchi zimadya makilogalamu angapo a uchi kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula. Chisa chikabwezedwa chamtunthu, mphamvu zawo zimapita pa kusonkhanitsa uchi m'malo momanganso nyumba.

Komabe mwini nzeruyo sadalemere nayo. Popeza mng'omawo udali wosavuta kukhoma, aliyense wokhala ndi sowo ankangoutengera, ena n'kusintha pang'ono namati ndi wawo. Milandu idamudyera nthawi ndi ndalama popanda phindu lenileni. Langstroth adamwalira m'chaka cha 1895 ali pa guwa m'tchalitchi ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, ali munthu wosauka. Lero ming'oma yambiri ya alimi a zamalonda pa dziko lapansi imatsatira mfundo yake.

Ku Africa mng'oma wa Langstroth udakumana ndi chopinga china. Mafelemu ake amafuna matabwa ambiri opalidwa bwino, waya, timapepala taphula ndi makina ozunguzira, zinthu zimene mlimi wakumudzi sangazipeze mosavuta. Pa chifukwa ichi, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 akatswiri a pa sukulu yaukachenjede ya Guelph ku Canada, mogwirizana ndi anzawo a ku Kenya, adakonza mng'oma wina wopepukirako. Uwu ndi wooneka ngati bwato, wotambalala pamwamba ndi wopanikizika pansi. M'malo mwa mafelemu uli ndi timitanda togonekedwa pamwamba, ndipo kamtanda kalikonse kamanyamula chisa chimodzi. Makoma ake ndi opendekera kuti njuchi zisamatirireko zisa kwambiri. Pa mng'oma umenewu muyeso wofunika kuusamala ndi umodzi wokha, ndiwo m'lifupi mwa kamtanda: pafupifupi mamilimita 32 kwa njuchi za ku Africa, zimene ndi zocheperako kusiyana ndi za ku Ulaya. Muyesowu umakwana chisa chimodzi pamodzi ndi kanjira kaja ka Langstroth.

Mng'oma woterewu udafikanso ku Malawi ndi ku Zambia, kumene anthu adazolowera kusenda makungwa a mombo ndi mitengo ina ya m'nkhalango kuti apange ming'oma. Mtengo wosendedwa kuzungulira thunthu lonse umauma, ndipo mitengo yomweyo ndiyo imapatsa njuchi maluwa. Choncho mng'oma uliwonse wa khungwa unkachepetsa chakudya cha njuchi zimene unkayembekezera. Mng'oma wa matabwa ukasamalidwa umatha zaka zambiri, ndipo kalipentala wa pa msika akhoza kuukhoma ndi zida zake zamasiku onse.

Mbiriyi ikusonyeza kuti kusintha kwakukulu pa ulimi wa njuchi kudachokera kwa munthu wodwaladwala amene adapirira kuyang'ana kachilombo kakang'ono mpaka adamvetsa khalidwe lake. Anthu ambiri asanabwere iye adakhoma mabokosi monga mwa kufuna kwawo, njuchi n'kuwakana. Iye adayamba wafunsa chimene njuchi zimafuna. Mmisiri aliyense amene lero akupala kamtanda ka mng'oma, kaya ndi ku Mzuzu kaya ku Nairobi, akutsatira muyeso umene mbusa uja adauzindikira m'chaka cha 1851.