Tikiti ya mu 1935 na foni ya lelo

Mlungu watha, pa pulogilamu yathu ya m'mawa pa wailesi, mnyamata wina anatuma foni. Amapeleka zakudya na njinga yamoto muno mu Lusaka, ndipo nchito amaipeza kupitila pa app. Anati dzulo lake anaimilila panja pa lesitilanti kucokela 10 koloko mpaka 14 koloko, foni ili zii. Petulo ni wake, mabando a intaneti ni ake, tayala ikaphulika ni iye wogula. Atadandaula, anamuuza kuti iye si wanchito wa kampaniyo, ni munthu wa bizinesi wodziimila payekha. Ndiye anatifunsa kuti: "Manje ngati sindine wanchito, nanga ndine ndani?"

Nthawi inatithela, sininamuyankhe bwino. Koma funso yake si yatsopano. Azigogo athu anaifunsa ku Copperbelt zaka 90 zapitazo.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, migodi ikuluikulu ya kopa inayamba kutseguka: Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe, Mufulira, na Nchanga ku Chingola. Amuna anabwela kucokela kumpoto, ku Luapula, kum'mawa, ngakhale ku Nyasaland. Sanali kufola pa mwezi monga tidziwila masiku ano. Anali kufola pa tikiti. Tikiti imodzi inali ya mashifiti 30. Ukasewenza, akuconga. Tsiku limene sunalowe nchito silinali kuwelengedwa. Ndalama unali kuiona pokhapo tikiti itadzala, conco "mwezi" wa munthu wa mu mgodi unali wautali kuposa wa pa kalenda.

Eni migodi na boma la atsamunda sanali kuona anthuwa monga anchito okhazikika a m'tauni. Kwa iwo anali anthu a kumudzi amene abwela cabe kudzafuna ndalama ya msonkho na ya bulangeti, kenako adzabwelela. Munthu wodutsa sumuganizila za penshoni, ndipo sumulola kukhala na yunioni. M'malo mwake, mu 1931 ku Luanshya anakhazikitsa akulu a mitundu: Mubemba akadandaule kwa mkulu wa Abemba, Munsenga kwa mkulu wa Ansenga. Mbiya zinagawidwa kuti zisagundane na bwana.

Mu May 1935, boma inalengeza mwadzidzidzi kuti msonkho wa anthu akuda okhala ku migodi wakwela, kucoka pa masheleni 12 na mapeni 6 kufika pa masheleni 15. Anthu anali kale na mkwiyo pa malipilo ocepa, cakudya ca m'komboni, na kunyozedwa pa nchito. Msonkho unangogwela pa udzu wouma. Sitalaka inayambila ku Mufulira, inafika ku Nkana, kenako ku Luanshya. Kunalibe yunioni, kunalibe foni. Uthenga unayenda pa makalata olembedwa m'Cibemba komanso kupitila m'magulu ovina Mbeni, amene anali na atsogoleli awo m'makomboni osiyanasiyana. Pa 29 May ku Luanshya, apolisi anawombela gulu la anchito, anthu 6 anafa. Akulu a mitundu aja sanathe kukamba na anthu awo. Anathawila mu ofesi ya komboni, cifukwa anthu anali kuwaona monga makutu a azungu. M'masiku ocepa sitalaka inatha.

Mu 1936, azungu osewenza m'migodi anapanga yunioni yawo. Mu March 1940 anacita sitalaka, ndipo anawawonjezela ndalama. Anthu akuda ku Nkana na ku Mufulira ataona zimenezi, nawonso anataya zitsulo. Ena anafika pouza abwana kuti: tipatseni shifiti yathu tekha, azungu nawo yawo, tione amene atulutsa kopa wambili. Yankho inali mfuti. Pa 3 April 1940 ku Nkana asilikali anawombela, ndipo anthu 17 anataya miyoyo.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse. Mu 1947 boma la Britain linatuma William Comrie, munthu wa mayunioni wa ku Scotland, kuti athandize anthu akuda kupanga mabungwe a anchito. Mu 1949 mabungwe a m'migodi anagwilizana n'kupanga yunioni imodzi ya anthu akuda, pulezidenti wake Lawrence Katilungu wa ku Nkana. Mu 1952 yunioniyo inaitanitsa sitalaka imene inatenga milungu itatu. Migodi inaima, koma magazi sanakhetsedwe. Nkhaniyo inapita kwa muweluzi wapakati, Claude Guillebaud, ndipo kuciyambi kwa 1953 malipilo anakwezedwa. Caka comweco, anchito anavota kuti dongosolo la oimila mitundu lithe. Ananena poyela kuti pa nchito si Abemba, Alozi kapena Acewa, koma ni anchito. Likulu la yunioni ya anchito a m'migodi ku Kitwe mpaka lelo limachedwa Katilungu House.

Onani kusiyana kwake. Mu 1935 anali na mkwiyo, koma analibe amene angakhale pa thebulo m'malo mwawo. Mu 1952 anali na makhadi a umembala, ndalama zosonkha, na atsogoleli osankhidwa. Pakati apa panapita zaka 17 na manda ambili. Cimene anawina coyamba si masheleni, koma dzina lakuti wanchito. Masheleni anatsatila dzinalo.

Manje tikiti ili m'foni. Akuconga ukapeleka katundu kapena ukatsitsa pasenja, koma maola amene wakhala uyembekezela sawelengedwa. Kale anali kuti ndiwe wa kumudzi, ungodutsa. Lelo akuti ndiwe wa bizinesi, ungolumikizidwa na makasitomala. Mau asintha, koma onse amathela pamodzi: ulibe cokambilana na ife.

M'maiko ena funso imeneyi yafika kale ku makhoti na ku nyumba za malamulo. Ku Britain, madilaiva awili, James Farrar na Yaseen Aslam, anatengela kampani ya Uber ku khoti. Anawina mu 2016, kampani inacita apilu kangapo, ndipo mu February 2021 Khoti Yaikulu ya dzikolo inagamula kuti madilaivawo ni anchito, oyenela malipilo osatsika pa mlingo wa lamulo komanso chuti colipilidwa. Oweluza anaona kuti kampani ndiyo iika mtengo wa ulendo, ndiyo ilemba mapangano, ndipo imalanga dilaiva wokanakana maulendo. Munthu wa bizinesi wa bwanji amene sangaike mtengo wake? Khotiyo inanenanso kuti nthawi imene dilaiva watsegula app, ali m'dela lake, wokonzeka kutenga pasenja, ni nthawi ya nchito. Ku Spain, lamulo la mu 2021 limatenga opeleka zakudya kupitila pa app kukhala anchito olembedwa. Ku Kenya, malamulo a mu 2022 anati kampani ya app ya mataksi isamadule ndalama yopitilila 18 pelesenti pa ulendo.

Kuno kwathu tili na Employment Code Act ya mu 2019, ndipo boma limaika malipilo ocepetsetsa a anchito a m'nyumba, a m'mashopu na ena. Koma citetezo cimeneci cimakamba za wanchito na wolemba nchito. Akakucotsela dzina lakuti wanchito, watsala panja pa mpanda.

Tisanamizane, lelo si 1935. Palibe amene akuwombela wokwela njinga cifukwa cozimitsa foni. Acinyamata ambili adyetsa mabanja na ma app amenewa pamene nchito za mu ofesi kulibe, ndipo ena akonda ufulu wosankha okha nthawi yosewenza. Komanso pali cimene cinali copepukilako kwa azigogo athu: anali kugona komboni imodzi, kulowa geti imodzi. Imwe muli omwazikana, wina ku Matero, wina ku Chawama, wina ku Kabwata, ndipo oda imene mnzako wakana imagwela iwe.

Koma Mbeni yanu muli nayo. Ni magulu a pa WhatsApp amene mumacenjezana za malodibuloko na kusonkhelana ndalama mnzanu akagundidwa na motoka. Azigogo anayambila pa zotelo. Cimene anawonjezela pambuyo pake ni buku la maina, ndalama za mwezi, na anthu osankhidwa okakamba m'malo mwa onse.

Kwa iwe mng'ono wanga amene unatuma foni, ngati uwelenga izi: gula kabuku. Tsiku lililonse lemba nthawi imene watsegula app na imene watseka, petulo, mabando, na ndalama imene yatsala m'thumba. Pakatha masiku 30, gawa ndalamayo na maola onse, kuphatikizapo a kuyembekezela. Uuze anzako khumi acite cimodzimodzi. Mukatsiliza, bwelani na mabukuwo ku wailesi, tidzawelengele limodzi anthu onse akumva.