Wotchi ya Golide ndi Ulendo wa ku Joni

Makolo athu a kumapiri a Dedza ankadziwa nthawi popanda wotchi. Tambala akalira kachiwiri, mlimi ankanyamula khasu. Dzuwa likafika paliwombo ankaweruka. Likapendeka, abusa ankayamba kukusa ng'ombe. Pambuyo pake mabelu a mishoni za ku Mua ndi ku Bembeke anayamba kuitana anthu ku mapemphero ndi ku sukulu pa maola oikika. Koma wotchi yovala pamkono inalowa m'midzi yambiri ndi amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Mnyamata ankafika ndi njinga, bulangete, galamafoni ndi sutikesi, ndipo ngakhale m'chisanu cha mwezi wa June ankapinda mkono wa malaya kuti mudzi wonse uone chimene chinali kunyezimira pamenepo.

Wotchi zimenezo zinali zachitsulo, zotsika mtengo. Komatu amuna amene ankazivalawo anali atakhala miyezi yambiri pansi pa nthaka akukumba golide. Nanga golideyo ankapita kuti? Wambiri ankakasungidwa m'mabanki, wina ankasulidwa mphete ndi mikanda, ndipo wina ankathera m'mafakitale a wotchi a ku Switzerland. Mwa zonse zopangidwa kumeneko, chodabwitsa kwambiri ndi wotchi ya golide ya anthu omira m'nyanja.

Mdani wamkulu wa wotchi ndi madzi. M'chaka cha 1926 kampani ya Rolex, imene anayambitsa Hans Wilsdorf, inatulutsa wotchi yotchedwa Oyster, yotsekedwa mothina kotero kuti madzi ndi fumbi sizinkalowa. M'chaka cha 1943 Jacques Cousteau ndi Emile Gagnan a ku France anapanga chipangizo chothandiza munthu kupuma ali pansi pa madzi, atabereka botolo la mpweya. Apa nthawi inasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Mpweya wa m'botolo umatha, ndiponso munthu amene wakhalitsa pakuya ayenera kukwera pang'onopang'ono, apo ayi magazi ake amachita thovu ndipo akhoza kupuwala kapena kufa. Motero m'chaka cha 1953 kunabadwa wotchi ziwiri zotchuka, Fifty Fathoms ya kampani ya Blancpain ndi Submariner ya Rolex. Zonse zinali ndi mkombero wozungulira wolembedwa mphindi. Munthu asanamire ankalozetsa chizindikiro cha pamkomberowo pa muvi wa mphindi, ndipo akakhala pansi ankangoyang'ana n'kudziwa mphindi zimene zapita. Manambala ake ankawala mumdima.

Zimenezi zinali zida zogwirira ntchito, monga nkhwangwa kapena khasu, ndipo zinali zachitsulo cholimba. Koma cha m'ma 1969 Rolex inayamba kugulitsa Submariner ya golide wa makarati 18, kutanthauza kuti pa magawo anayi alionse, atatu ndi golide weniweni. Golide sachita dzimbiri m'madzi amchere, zimenezo n'zoona. Komabe ndi wofewa, ndi wolemera, ndipo sachedwa kukalika akakhula mwala. Munthu wanzeru sangapite kudimba ndi khasu lagolide. Ogula wotchi yotereyi sanali anthu omira m'madzi ayi. Anali eni chuma ofuna kuoneka ngati anthu olimba mtima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 omira enieni anayamba kudalira timakompyuta tovala pamkono, ndipo wotchi yagolideyo inatsala ngati chokongoletsera basi.

Tsopano tibwerere kwathu. Golide anapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo eni migodi anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito limene makolo athu ankalitcha Wenela. Kuno ku Nyasaland boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, pamene ntchito zolipira bwino kunalibe. Amuna a kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu ndi kwa Kachindamoto anayamba kuyang'ana kumwera. Ambiri mwa oyambawo anafa ndi chibayo, kotero kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto. Ngakhale zinali choncho, anthu sanaleke kupita. Ankayenda okha wapansi, ulendo umene unkatchedwa selufu. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo patapita nthawi Wenela anayamba kunyamula anthu pa ndege mpaka ku Francistown, m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda.

Taganizirani kusiyana kwake. Wotchi yagolide ya m'chaka cha 1969 inalembedwa kuti ikhoza kupirira kuya kwa mamita 200, ngakhale eni ake ambiri sankapitirira padziwe losambiramo la pahotela. Mnyamata wochokera ku Linthipe kapena ku Lobi ankatsika mamita 2,000 kapena 3,000, kuya kofanana kapena koposa kutalika kwa phiri la Dedza kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Kumeneko thanthwe limatentha ngati chiwaya. Asanamulole kutsika, ankayamba amuyesa m'chipinda chotentha, akukwera ndi kutsika pa sitepe kwa maola angapo. Ankaboola mwala atagwada kapena atagona chammbali, akulamulidwa m'Chilapalapa, fumbi likulowa m'mapapo. Tani yathunthu ya miyala inkatulutsa golide wokwana magalamu ochepa chabe, choncho wotchi imodzi ya lamba wagolide inkadya miyala matani angapo.

Malipiro ake ndiwo amamvetsa chisoni. Katswiri wa zachuma Francis Wilson anaonetsa kuti mphamvu yogulira zinthu ya malipiro a munthu wakuda m'migodi ya golide m'chaka cha 1969 sinali yoposa ya m'chaka cha 1911. M'chaka cha 1970 dziko la South Africa linakumba golide wokwana matani 1,000, woposa theka la golide yense wokumbidwa pa dziko lapansi chaka chimenecho, ndipo kuyambira mu 1968 wambiri ankagulitsidwa kudzera m'mabanki a ku Zurich, m'dziko lomwelo la opanga wotchi. Golide akasungunulidwa sadziwika mgodi umene anachokera, koma njira yake inali imeneyo. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Kumudzi amayi ndiwo ankalima mbatata ya kachewere ndi chimanga, kufolera nyumba ndi kulera ana. Amuna ena sanabwerenso, tinkawatcha matchona.

Tisanamizire kuti ulendowu unalibe phindu. Nyumba zambiri zamalata, ng'ombe, ngolo, magolosale ndi fizi za ana asukulu zinachokera ku ndalama za ku Joni, ndipo anthu ankapita podziwa zimene ankafuna. Koma mtengo wake unali waukulu. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 obwerera kwawo anafa. Dr H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu nthawi yomweyo. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma ndi anthu ochepa, ndipo inatheratu mu 1988 maiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV.

Fumbi lija silinathere pomwepo. Amuna ambiri anabwera ndi chifuwa chosamva mankhwala, mapapo ataumitsidwa ndi fumbi la mwala, ena ndi TB. M'chaka cha 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi limodzi a golide apereke ndalama zokwana marandi 5 biliyoni kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust, zopepesera odwala amene anagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira mu 1965. Pamene chigamulocho chinkaperekedwa, panali patapita zaka 31 kuchokera pamene TEBA inasiya kulemba Amalawi ntchito, ndipo ambiri mwa amene ankapinda mkono wa malaya aja anali atagona kale kumanda a kwawo.