Ziwerengero za boma za milandu ya kugwirira: kodi zimachula mtundu wa munthu?

Nkhani ya mwana wogwiriridwa ikamveka m'mudzi kapena pa wailesi, sipapita nthawi ena asanayambe kunena kuti zoterezi zimacitikira mtundu wakutiwakuti. Kuno ku Vubwi, kumene tinacita malire ndi Malawi ndiponso Mozambique, ena amaloza cala anthu a kutsidya. Tasonkhanitsa pano zimene ziwerengero za boma zimanenadi, kuti a mumpingo tizilankhula zimene zili zoona.

Amene amawerenga milanduyi

Njira yoyamba ndi ya apolisi. Nthambi yawo ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1994, imalemba mlandu uliwonse umene wafika ku polisi, ndipo pa miyezi itatu iliyonse likulu la apolisi ku Lusaka limalengeza ziwerengero. M'caka ca 2022 analemba milandu ya nkhanza 33,536 m'dziko lonse, ndipo mu 2023 inafika 42,965. Nambala zimenezi zikuphatikiza nkhanza za mitundu yonse, monga kumenya, kutukwana ndi kusasamala banja. Kugwirira ndi kugona ndi ana ndi mbali imodzi cabe.

Njira yaciwiri ndi kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey, amene amayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu, ngakhale amene sanapiteko ku polisi. Kafukufuku wa 2018 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, akazi 14 anakakamizidwapo kugonana pa moyo wawo.

Mmene nambala zimagawidwira

Apolisi akamalengeza, amagawa milandu potsata cigawo, mtundu wa mlandu, komanso ngati wolakwiridwayo ndi mwana kapena wamkulu, wamkazi kapena wamwamuna. Sanena kuti ndi Mcewa, Mnsenga kapena Mngoni. Kafukufuku uja amaonjezapo msinkhu, maphunziro, cuma ca pabanja, ndiponso ngati munthu akhala m'tauni kapena kumudzi. Maiko ena amacita mosiyana: ku England ndi Wales, ofesi ya boma ya ziwerengero imafalitsa nambala za olakwiridwa zogawidwa ndi mtundu. Conco munthu akawerenga pa Facebook nkhani zocokera kumeneko, asaganize kuti ndi mmene zililinso kwathu.

Tizikumbukiranso kuti cigawo si mtundu. M'Cigawo ca Kum'mawa muli Acewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka, Akunda, ndi ena obwera pa nchito kucokera kutali. Boma la Sinda, limene linapangidwa mu 2012 kucokera ku mbali za Katete ndi Petauke, lili ndi Acewa ndi Ansenga okhala moyandikana ndi kukwatirana. Nambala ya cigawo cathu ndi ya tonsefe pamodzi, ndipo palibe amene angaitenge n'kuisenzetsa mtundu umodzi.

Zimene nambala sizionetsa

Buku la apolisi limangowerenga milandu imene yanenedwa. Kumene kuli anthu ambiri ndi mapolisi apafupi, monga ku Lusaka, nambala zimakwera. Kumene munthu ayenera kupalasa njinga mtunda wautali kuti akafike ku polisi, zimaoneka zocepa. Nambala yocepa sikutanthauza kuti ana athu ali pa mtendere. Kafukufuku wa 2018 anasonyeza kuti oposa theka la akazi amene anacitidwa nkhanza sanapemphe thandizo ndipo sanauze munthu aliyense. Anasonyezanso kuti pakati pa akazi amene anakwatiwapo, wowakakamiza nthawi zambiri ndi mwamuna wawo yemwe. Coopsa cimakhala pafupi, m'nyumba ndi pacibale, kusiyana ndi kwa mlendo wa mtundu wina.

Mlandu umene watha ndi mbuzi, ng'ombe kapena ndalama pakati pa mabanja awiri sulowa m'buku lililonse. Cimodzimodzi umene wathera pa bwalo la akulu a mpingo.

Zimene lamulo likunena

Ndime 138 ya Penal Code imati kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu, kaya mwanayo avomere kapena ai. Cilango cake ndi zaka zosacepera 15 m'ndende, ndipo cingafike moyo wonse. Lamulo lothana ndi nkhanza la 2011 limateteza wolakwiridwa, ndipo lamulo la ukwati limene linasinthidwa mu 2023 linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa cikhalidwe cathu. Milandu yotere siiweruzidwa kwa anyakwawa, kwa amfumu kapena ku khoti ya lokolo.

Cocita nkhani ikatipeza

Wolakwiridwa afike ku cipatala asanathe maola 72, cifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira nchito mkati mwa nthawi imeneyi. Asasambe ndiponso zovala zisacapidwe asanapimidwe. Nkhani ipite ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi. Manambala a foni 116 a ana ndi 933 a akuluakulu ndi aulere.

Abusa, akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano, mbali yathu ndi kuperekeza banja ku cipatala ndi ku polisi, kusunga cinsinsi ca mwanayo, ndi kusafunsa kuti ndi wa mtundu wanji kapena wolakwayo ndi mbale wa yani.