Mawu a Amisiri Amene Ankafuna Roketi Yobwerera

Mafuta a roketi amalemera kuposa thupi lake lonse, n'chifukwa chake imamangidwa m'magawo. Gawo lapansi, lotchedwa booster, limagwira ntchito mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Likakankha chombo mpaka mafuta kutha, limadzimasula n'kugwa. Gawo lofika m'njira yozungulira dziko n'kubwerera ndi anthu ndiye orbiter, ndipo katundu amene ulendo wonse ukupangidwira ndi payload. Pamawu atatuwa m'pamene panagona mkangano, chifukwa chilichonse chothandiza booster kubwerera, kaya mapiko, miyendo kapena mafuta osungira potera, chimadya malo a katundu.

Njira zobwezera zinalipo zitatu. Mu 1952 Wernher von Braun anafotokoza m'magazini ya Collier's za roketi ya magawo atatu, awiri apansi otsika ndi parachuti n'kukatoledwa panyanja. M'zaka za m'ma 1960 Philip Bono wa kampani ya Douglas anajambula roketi yotchedwa ROMBUS, yotera choimirira, moto wa injini ukuchepetsa liwiro lake. Yachitatu inali fly-back booster, imene NASA inkaifufuza mu 1970 ndi 1971: chimphona chonga ndege ya Boeing 747, cha mapiko, injini za jeti ndi oyendetsa akeake, chokatera pabwalo la ndege.

Mawu ena amene anasintha maonekedwe a chombo chimene NASA inkakonza ndi cross-range, kutanthauza mtunda umene chombo chingapatukire kumbali pobwerera. Asilikali a m'mlengalenga a ku America ankafuna pafupifupi makilomita 2,000. Mapiko owongoka amene Maxime Faget wa ku NASA ankakonda sakanatha zimenezi, choncho panabwera mapiko a ngodya zitatu, olemera ndiponso ofuna chitetezo chochuluka ku kutentha.

Ndalama ndizo zinagamula mlandu. Pulezidenti wa America Richard Nixon atavomereza chombocho, chotchedwa Space Shuttle, pa 5 Januwale 1972, booster ya mapiko inali itasiyidwa. Space Shuttle ya Columbia inanyamuka pa 12 Epulo 1981 ndi thanki yotaya komanso maroketi awiri ogwera m'nyanja ya Atlantic. Akawavuula m'madzi amchere, amisiri ankawamasula chidutswa chilichonse, ntchito yodya nthawi ndi ndalama. Apa amisiri anaphunzira kuti kubweza chida ndi nkhani ina, kuchiulutsanso motchipa ndi inanso. Mu Disembala 2015 booster ya roketi ya Falcon 9 inatera choimirira ku Cape Canaveral, njira imene Bono ankailimbikira.