Komwe mungapalase njinga ku Zomba osalimbana ndi maminibasi

Mwezi wa Juni chaka chatha minibasi ina inandithamangitsira m'ngalande ya m'mbali mwa M3, pakati pa Chinamwali ndi Songani. Kugunda sinandigunde ayi. Inangobwera kumbuyo kwanga ikuliza hutala, kutsogolo kukubwera lole, ndiye wothawa anayenera kukhala ine. Ndinadzuka ndi bondo losupuka, limu yopindika ndi foni yosweka sikirini. Kondakitala anangosuzumira pawindo, basi ulendo.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikusaka njira zomwe munthu ungapalase mtima uli m'malo. Nthawi ndili nayo yambiri, paja ku yunivesite ndinasiyira panjira fizi itavuta. Zomwe ndapeza ndi izi, musunge, mudzazifuna.

Tiyambe ndi chilungamo. Misewu ya njinga zokhazokha ija mumaiona pa TikTok, anthu a ku Netherlands akupalasa m'mbali mwa ngalande atanyamula maluwa, kuno ine sindinaionepo. Zomwe tili nazo ndi misewu yakale ya kumtunda kwa tauni, misewu yafumbi yolowera kunyanja ya Chilwa, tinjira ta m'masikimu a mpunga ndi misewu ya m'nkhalango paphiri. Magalimoto ndi ochepa zedi, malo ena kulibiretu. Koma dziwani kuti bata limenelo lilipo chifukwa njirazi ndi malo antchito a anthu ena. Ife okwera njinga pofuna kuwongola miyendo timakhala alendo.

Njira yoyamba: kumtunda kwa tauni

Iyi ndi ya inu amene mwangoyamba, kapena munasiya kupalasa muli Standard 8. Mukachoka pa M3 n'kukwera chakuphiri, mulowa m'dera lakale la boma, la nthawi ija Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975. Misewu yake ndi yatala, yopapatiza, ya mithunzi yokhayokha. Mudutsa nyumba yakale ya malamulo, Hotel Masongola yomwe nyumba yake inamangidwa mu 1886, ndi Botanical Gardens yomwe inayamba mu 1891, mtsinje wa Mulunguzi ukusokosera chapafupi.

Lamlungu m'mawa msewu umakhala ngati wanuwanu. Pakati pa sabata pewani nthawi yolowa ndi yoweruka kuntchito, chifukwa maofesi ndi ambiri kumeneko ndipo makona ake saonetsa zomwe zikubwera. Ola limodzi likukwanira. Tizitunda tilipo, tokwanira kukuuzani ngati mabuleki ndi mapapo anu zili bwino.

Njira yachiwiri: ku Kachulu ndi sikimu ya Likangala

Iyi ndiye ndimaikonda. Kuchoka m'tauni kukafika padoko la Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, kutanthauza kuti 60 kupita ndi kubwera. Musaderere. Mumadutsa Matawale n'kufika pa Ndege, ndipo chigawo chimenechi muli limodzi ndi magalimoto, ndiye nyamukani 6 koloko isanakwane. Kupitirira apo, polowera ku Govala, mbali yaikulu ndi yafumbi ndipo dziko ndi lathyathyathya. Okumana nawo ndi akabaza, njinga zamoto, ngolo, ndi mapikapu a matola apo ndi apo, onyamula nsomba ndi mpunga.

Mdani wanu pano ndi mchenga ndi mabampu. Mukaona mchenga musagwire buleki ya kutsogolo, mugwa. Tsitsani giya, pitirizani kupalasa, mahandulo muwagwire mosaumitsa manja. Kukakhala kopanda chifunga, phiri la Mulanje limaoneka chakummwera, kumbuyo kwanu kuli phiri la Zomba, kutsogolo chilumba cha Chisi chikukula pang'onopang'ono.

Za nyanjayo mudziwe zinthu zingapo. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, koma ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. N'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, komanso gombe lake limasuntha malinga ndi mvula ya chaka chimenecho. Inaumapo mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Chaka china mupeza mabwato pafupi ndi msika, chaka china mupeza matope osweka ming'alu, madzi ali kutali. Padoko pamapezeka matemba, makumba ndi mlamba. Idyani zootcha kapena zokazinga zili zamoto, ndipo madzi akumwa mutenge anu, chifukwa kolera imabuka kawirikawiri m'madera a m'mbali mwa nyanjayi.

Tsono pali ngalande. Kumunsi kwa mtsinje wa Likangala, womwe uja umadutsa m'tauni mwathu, kuli sikimu ya mpunga m'dera la mfumu yaikulu Mwambo. Ndi imodzi mwa masikimu omwe boma linatsegula kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, nthawi ya Kamuzu, monganso ya Domasi chakumpoto. Masiku ano amaiyendetsa ndi alimi eni ake kudzera m'bungwe lawo loona za madzi. Pokhotera funsani akabaza pa Govala, tinjira ndi tambiri ndipo Google Maps kumeneko imangokusokonezani.

Kuti mumvetse malamulo ake, onani kaye momwe sikimu imagwirira ntchito. Pamtsinje pali chotchinga chomwe chimapatutsira madzi m'ngalande yaikulu. Ngalande imeneyo imagawira ngalande zing'onozing'ono, ndipo izi ndi zomwe zimathira m'mapuloti a mpunga. Madzi amayenda okha kutsata kutsetsereka kwa malo, alimi n'kumalandirana masiku othirira. M'mbali mwa ngalande zikuluzikulu muli njira zoti ngolo ndi njinga zizidutsa. Mmenemo ndiye mokoma: galimoto palibe, madzi akuyenda pambali panu, akakowa ali mbuu m'minda, mpunga ukamacha fungo lili guu. Koma timizere ta pakati pa mapuloti ndi dothi chabe loumbidwa ndi khasu. Likagumuka, madzi a munthu amathawira m'munda mwa mnzake, ndipo tsiku lake lothirira latha basi.

Ine izi ndinaphunzira mochititsa manyazi. Ulendo wanga woyamba ndinafuna kudula njira, ndinakwera pa kamzere kotero. Bambo ena achikulire anaweramuka m'munda, matope mpaka m'mawondo.

"Achimwene, tatsikani. Pamenepo si pamsewu."

"Pepani bambo, sindimadziwa."

"Mukagumula muumbanso ndinu?"

Ndinatsika, njinga paphewa, kubwerera. Atatha kundiseka anandilozera njira yoyenera. Ndiye kuti inu zisakuchitikireni:

- Palasani m'njira zikuluzikulu zokha, momwe mukuona kuti ngolo ndi njinga zina zimadutsa. Pa timizere ta pakati pa minda tsikani, kapena musapiteko n'komwe.
- Zitseko za madzi ndi timatabwa kapena miyala yotsekera pangalande musakhudze, ngakhale pofuna kujambula. Nkhani ya madzi imayambanitsa anthu kumeneko.
- Wosenza mtolo, wokoka ngolo ndi woweta ng'ombe ndi amene ayambe kudutsa. Chepetsani liwiro, perekani moni. "Zikomo mayi" imatsegula njira kuposa belu.
- Nthawi yokolola anthu amayanika mpunga pamphasa ndi pamatenti m'mbali mwa njira. Zungulirani.
- Musajambule munthu ali pantchito osapempha. Si onse akufuna kupezeka pa Facebook panu.
- Kutenthe bwanji, musasambe kapena kuviika miyendo m'ngalande. Madzi oyenda pang'onopang'ono oterowo ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.
- Mabotolo ndi majumbo mubwerere nazo. Zikagwera m'madzi zimakatseka ngalande kumunsi.

Mukapeza wogulitsa mpunga, gulani kilo imodzi kapena ziwiri ya Faya kapena Kilombero mumange pakaliyala. Kunyumba akakulandirani bwino, komanso kusikimu akakuonaninso adzakudziwani.

Njira yachitatu: paphiri

Iyi ndi ya amene miyendo inakhwima, ndipo ikufunika njinga ya magiya. Kuchoka m'tauni kukafika Ku Chawe ndi chitunda chosapumitsa, chokhotakhota. Ine chimanditengera kupitirira ola, ndipo malo ena ndimakankha, palibe chamanyazi. Msewuwo ndi watala ndipo magalimoto amadutsa, koma mukafika pamwamba mumalowa m'misewu yafumbi ya m'nkhalango momwe mungayende ola lathunthu osamva injini.

Pamwambapo pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa tauni yathu, mathithi a Williams, Chingwe's Hole, ndi malo awiri oonerapo patali: Queen's View, pomwe anaima amayi a Mfumukazi Elizabeth II mu 1957, ndi Emperor's View, pomwe anafika Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Mukaima pamenepo chigwa chonse chija munapalasa popita ku Kachulu chimaoneka pansi ngati mphasa, nyanja ya Chilwa ikunyezimira kumapeto. Nsonga yaitali kwambiri ya phirili ndi Malumbe, mamita 2,087.

Choopsa chenicheni ndi potsika. Njinga imathamanga yokha, mabuleki amatentha, ndipo pakona mutha kukumana ndi lole ya matabwa kapena anyamata otsika ndi nkhuni zodzaza panjinga, omwe sangaime msanga ngakhale atafuna. Khalani kumanzere kwanu, gwirani mabuleki onse awiri mopumira, ndipo mahedifoni achoke m'makutu. Misewu ya m'nkhalango imafanana kwambiri, ndiye musapite nokha. Ulendo woyamba tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo omwe amapezeka pamwamba pomwepo.

Nthawi yabwino

Meyi mpaka Ogasiti ndiye nyengo yake. Kunja kumazizira, misewu yauma, ndipo kusikimu mupeza akukolola kapena akukonzekera mpunga wachilimwe. Paphiri pokha Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kutseka chilichonse, tengani juzi. Seputembala mpaka Novembala kuchigwa kumatentha koopsa, ndiye pofika 10 koloko mukhale mutayamba kubwerera. Nthawi yadzinja njira ya ku Kachulu isiyeni. Dothi lamakande limamatirira kumatayala mpaka njinga kukana kuyenda, ndipo mitsinje imadzaza mosachenjeza. Tonse tikukumbuka zomwe namondwe Freddy anachita ndi misewu ndi milatho mu Malichi 2023. Mvula ikagwa yambiri, funsani akabaza kaye musananyamuke. Iwowo ndi amene amadziwa pomwe padutsika lero.

Zotenga

Pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, masipanala awiri atatu, madzi osachepera malita awiri, kachakudya monga nthochi kapena mtedza, ndi ndalama zapamanja zing'onozing'ono, chifukwa si paliponse mungalipire pafoni. Okonza njinga amapezeka pafupifupi pa msika uliwonse wa m'njira ya ku Kachulu, koma paphiri mulibe. Chipewa choteteza mutu valani, ngakhale anzanu akusekeni kuti mukudziyesa mzungu. Ine tsiku la minibasi lija ndinalibe, ndipo mwala womwe unaswa foni yanga unali pafupi kwambiri ndi mutu. Pomaliza, uzani munthu wina kunyumba komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mubwere.

Chomwe chimandiwawabe n'chakuti njira zonse zitatuzi, kuti uzifike, uyenera kuyamba wadutsa makilomita angapo pamsewu womwe uja wa maminibasi ndi malole. Ife timadutsapo Lamlungu pofuna kusangalala. Akabaza, ana asukulu ndi azimayi opita kumsika amadutsapo tsiku lililonse, m'mphepete mwa tala modyekadyeka. Akuluakulu oona za misewu akamakonza chigawo cha pakati pa tauni, Matawale ndi Chinamwali, atisiyireko kampata ka njinga m'mbali, kolembedwa bwino. Podikira zimenezo, dzukani m'mamawa, onani mabuleki musanachoke pakhomo, ndipo mukafika kusikimu mukapereke moni.