Momwe Njanji Inaberekera Banff ndi Jasper: Mbiri ya Zokopa Alendo m'Mapiri a Alberta

Chigawo cha Alberta, chomwe chili kumadzulo kwa dziko la Canada, n'chachidikha mbali ya kummawa komwe anthu amalima tirigu ndi kuweta ng'ombe, koma kumalire ake ndi chigawo cha British Columbia kwandanda mapiri aataliatali otchedwa Rocky Mountains, amene nsonga zake zambiri zimakhala zokutidwa ndi chipale chofewa pafupifupi chaka chonse. M'mapiri amenewa ndimo muli malo otetezedwa ndi boma a Banff, Jasper ndi Waterton Lakes, ndipo Banff payokha imalandira alendo pafupifupi 4 miliyoni pachaka. Ambiri mwa alendowa amapita ali ndi maganizo akuti akukaona dziko limene dzanja la munthu silinalikhudzepo, pamene mbiri ikusonyeza kuti malowa anayamba ngati malonda a kampani ya njanji, ndipo nkhani yoteteza chilengedwe inachita kubwera pambuyo.

Chiyambi chake ndi lonjezo limene boma la Canada linapereka kwa anthu a ku British Columbia m'chaka cha 1871, lakuti akavomera kukhala mbali ya dzikolo lidzawamangira njanji yowalumikiza ndi mizinda ya kummawa. Kampani ya Canadian Pacific Railway ndi imene inapatsidwa ntchitoyi, ndipo pofika 1883 njanji inali itadutsa Calgary, yomwe panthawiyo inali kamudzi kozungulira linga la apolisi lomangidwa mu 1875, n'kuyamba kulowa m'chigwa cha mtsinje wa Bow. M'chaka chomwecho amuna atatu ogwira ntchito panjanjiyo, Frank McCabe ndi abale awiri William ndi Tom McCardell, anapeza phanga m'tsinde mwa phiri la Sulphur momwe munkatumphuka madzi otentha onunkha sulufule. Eni nthaka, makamaka mtundu wa Stoney Nakoda, ankawadziwa akasupewa kuyambira makedzana ndipo ankawalemekeza, koma amuna atatuwo anaonapo ndalama, popeza nthawi imeneyo anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America ankalipira zambiri kuti akasambe m'madzi otere pokhulupirira kuti amachiza nyamakazi ndi matenda ena. Mkangano wa umwini utakula pakati pa iwo ndi ena amene anabwera pambuyo, boma linathetsa nkhaniyo mu November 1885 potenga malo okwana masikweya kilomita 26 ozungulira akasupewo kuti akhale ake. Mu 1887 nyumba ya malamulo inakulitsa malowo kufika masikweya kilomita oposa 670 n'kuwatcha Rocky Mountains Park, ndipo awa ndiwo anakhala malo oyamba otere m'Canada, patatha zaka 15 chikhazikitsireni malo otetezedwa a Yellowstone ku United States.

Kampani ya njanji inali ndi chifukwa chake chokondwera ndi zimenezi. Kuboola njira m'mapiri kunaidyera ndalama zosaneneka, ndipo derali linalibe anthu ambiri okwera sitima kapena katundu wokwanira kubweza ndalamazo, choncho mkulu woyendetsa kampaniyo, William Cornelius Van Horne, anaona kuti popeza mapiri sangapakiridwe m'sitima kukagulitsidwa kunja, chanzeru n'kubweretsa ogulawo kumene kuli mapiri. Mu 1888 anatsegula hotela ya Banff Springs pamalo pomwe mtsinje wa Spray umathira mu Bow, ndipo mu 1890 anamanga kanyumba kogona alendo m'mphepete mwa nyanja ya Louise, kamene m'kupita kwa nthawi kanakula n'kukhala hotela yaikulu imene ilipo lero. Ngakhale maina a malowa akuonetsa amene anali ndi mphamvu: Banff anatchedwa potengera dera la Banffshire ku Scotland komwe anabadwira George Stephen, pulezidenti wa kampaniyo, pamene nyanja ya Louise ndi chigawo chonse cha Alberta zinatenga maina a mwana wamkazi wa Mfumukazi Victoria, Louise Caroline Alberta. Nyanjayo a Stoney Nakoda ankaitchula dzina lotanthauza nyanja ya tinsomba ting'onoting'ono, ndipo munthu wa mtundu wawo ndi amene analondolera mzungu wina, Tom Wilson, kumeneko mu 1882. Mtundu wa madzi a nyanjayo wobiriwira motuwa, umene alendo ena amaganiza kuti ojambula amachita kuwonjezera pazithunzi, umabwera chifukwa cha ufa wa miyala umene madzi oundana amapera akamatsetsereka m'phiri, ndipo ufawo umayandama m'madzi n'kumabweza kuwala kwa dzuwa.

Mlendo wina wa ku America, Philip Stanley Abbot, atagwa n'kufa pokwera phiri la Lefroy mu 1896, kampaniyo inaitanitsa akatswiri olondolera anthu m'mapiri kuchokera ku Switzerland kuyambira 1899, ndipo ngozi imene ikanathawitsa alendo inasanduka njira yatsopano yowakopera. Nthawi yomweyo boma silinkaona vuto kulola migodi ndi kudula mitengo m'kati mwa malo otetezedwawo, moti tawuni ya Bankhead, pafupi ndi Banff, inkakumba malasha mpaka 1922, ndipo lero alendo amangoona maziko a nyumba zake m'tchire.

Anthu amene analipira mtengo waukulu pa chitukuko chimenechi ndi amene mabuku otsatsira malowa anakhala nthawi yaitali osawatchula. A Stoney Nakoda, omwe anasaina pangano lotchedwa Treaty 7 ndi boma mu 1877, analetsedwa kusaka m'malo otetezedwawo kuyambira cha m'ma 1890, pa chifukwa chakuti akutha nyama zimene alendo ndi alenje olemera ankafuna kuona kapena kuwombera. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo ankaitanidwa chaka ndi chaka ku chikondwerero cha Banff Indian Days kuti adzavine ndi kuguba atavala zachikhalidwe chawo pamaso pa alendo a m'mahotela, kenako n'kubwerera kumalo amene boma linawapatulira kunja kwa mapiri, ndipo mwambowu unapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1970. Kumpoto nako zinachitika chimodzimodzi. Boma litamva kuti njanji ina, ya Grand Trunk Pacific, idzadutsa m'chigwa cha mtsinje wa Athabasca, linakhazikitsa Jasper Forest Park mu 1907, ndipo pofika 1910 mabanja a anthu otchedwa Métis, omwe makolo awo anali osakanikirana eni nthaka ndi azungu ogula zikopa, anali atasamutsidwa m'minda yawo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1915 mpaka 1917, amuna mazanamazana ochokera m'maiko olamulidwa ndi Austria-Hungary, ambiri mwa iwo a ku Ukraine, anatsekeredwa mumsasa wa Castle Mountain monga nzika za dziko la adani, ndipo anakakamizidwa kulambula msewu wopita ku nyanja ya Louise.

Maganizo oteteza chilengedwe anayamba kulimba mu 1911, pamene Canada inakhazikitsa nthambi ya boma yoyang'anira malo otere, yoyamba ya mtundu wake padziko lonse, motsogozedwa ndi James Harkin, ndipo lamulo la 1930 ndi limene linatsindika kuti malowa asungidwe osaonongeka kaamba ka mibadwo yam'tsogolo, n'kupatsanso Banff dzina limene ali nalo lero. Patatha zaka ziwiri, Waterton Lakes inalumikizidwa ndi malo a Glacier a ku Montana monga chizindikiro cha mtendere pakati pa Canada ndi United States. Komabe Harkin yemweyo ankakonda misewu, podziwa kuti aphungu amapereka ndalama kumalo kumene kukufika anthu. Msewu wa Icefields Parkway, wa makilomita pafupifupi 230 kuchokera ku nyanja ya Louise kukafika ku Jasper, unayambika mu 1931 pofuna kupatsa ntchito amuna amene anasowa pogwira chuma cha dziko chitagwa, ndipo unatsegulidwa mu 1940. Msewu waukulu wa Trans-Canada utatsegulidwa mu 1962, galimoto inalanda malo a sitima, ndipo mapiri amene kale ankafikako olemera okha anakhala ulendo wa maola osakwana awiri kuchokera ku Calgary.

Mizinda nayo inasintha motsatira. Calgary, yomwe inatchuka ndi chionetsero cha oweta ng'ombe cha Stampede kuyambira 1912, inachititsa masewera a Olympics a m'nyengo yozizira mu 1988, ndipo tawuni ya Canmore, imene migodi yake ya malasha inatsekedwa mu 1979, inatsitsimuka chifukwa cha masewerawo. Edmonton, likulu la chigawochi kuyambira 1905, ndiye khomo la opita ku Jasper. Tawuni ya Banff, popeza ili m'kati mwa malo otetezedwa, siloledwa kukula kupitirira malire ake, ndipo munthu sangakhalemo pokhapokha atasonyeza kuti ali ndi ntchito kapena chifukwa china chovomerezeka.

Kuyambira pamene bungwe la UNESCO linaika mapiriwa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ntchito yaikulu ya oyang'anira yakhala kukonza zimene kutchuka kunaononga. Msewu wa Trans-Canada unatchingidwa ndi mpanda mbali zonse m'kati mwa Banff, ndipo anamanga milatho 6 yokutidwa ndi dothi ndi mitengo pamodzi ndi njira zapansi 38 kuti zimbalangondo, mimbulu ndi nyama zina zizioloka popanda kugundidwa. Mu 2017 njati 16 za mtundu wa bison zinatengedwa ku malo otetezedwa a Elk Island n'kubwezeredwa m'chigwa cha Panther, patadutsa zaka zoposa 100 zitatheratu m'derali, ndipo mu 2023 magalimoto a anthu wamba analetsedwa kufika ku nyanja ya Moraine, komwe tsopano alendo amapitako pa basi. Zina n'zovuta kuzibweza. Madzi oundana a Athabasca, amene alendo amawafikira kuchokera mumsewu wa Icefields Parkway, abwerera m'mbuyo mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka m'zaka pafupifupi 125, ndipo zikwangwani zolembedwa zaka zimasonyeza pomwe ankalekezera. Mu July 2024 moto wolusa unaotcha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nyumba za m'tawuni ya Jasper, anthu pafupifupi 25,000 atasamutsidwa usiku. Kuwonjezera pa chilala ndi mphepo yamphamvu, akatswiri ambiri amatchulanso nkhalango imene inathithikana kwambiri chifukwa kwa zaka zambiri oyang'anira ankazimitsa moto uliwonse, m'zigwa zomwe eni nthaka ndi a Métis ankatentha pang'onopang'ono nthawi ndi nthawi asanasamutsidwe.